Pampu ya Aphunzitsi

"Ndati chitinicho ubwere nacho kuno."

"Ndamva."

"Wamva, nanga wakhaliranji?"

Tabita sadadzuke. Adali pakhomo pa chigafa akusanja fodya pamphasa, masamba aakulu uku, ong'ambika uko, manja ali bii ndi utsi. Mwamuna wake Yeremiya, mphunzitsi wa sukulu ya mishoni ya m'mudzimo, adaima kumbuyo kwake atavala jekete, ngakhale lidali Lachiwiri ndipo dzuwa lidali paliwombo.

"M'chitinimo muli paundi imodzi, atate ake a Lines, ndipo ntchito yake mukuidziwa," adatero Tabita. "Masheleni asanu ndi imodzi ndi a msonkho. Otsalawo ndi a mchere ndi kansalu ka mwana."

"Msonkho udakali kutali."

"Kwa a Nankhoma chaka chatha udalinso kutali. Amuna awo ali ku Halale, amesinjala adabwera nkumanga mayi wa ana anayi chingwe m'chiuno mpaka ku Boma ku Dowa. Adasesa bwalo la Boma milungu itatu. Wolembedwa m'buku la msonkho ndi mwamuna, koma womangidwa ndi mkazi. Mudaona ndi maso anu. Mudawapemphereranso pemphero lalitali ndithu."

Yeremiya adakoka kampando nakhala, atayamba wakapukuta ndi mpango. Akafuna kufotokozera mkazi wake zinthu ankatsitsa mawu ngati akuphunzitsa ana osamva a kalasi yoyamba.

"Tamvera, Nambewe. Zinthu zamakonozi zimafuna mutu. Ku sitolo ya Mzungu wa fodya ku Mponela njira zilipo ziwiri. Ukafuna, upereka mapaundi asanu pamanja nkutenga njinga. Ukapanda, upereka imodzi yokha, njinga nkukwera lero lomwe, zotsalazo udzalipira ndi fodya akauma."

"Zotsalazo ndi zingati?"

"Mapaundi asanu ndi imodzi."

Tabita adawerenga pa zala zake zakudazo, osafulumira.

"Pamanja asanu. Pangongole asanu ndi awiri. Awiri owonjezerawo mukugula chiyani? Belu?"

"Ndikugula nthawi."

"Nthawi ndikupatsani ine kwaulere. Msika wa fodya utsegulidwa pakapita milungu isanu. M'chigafamu muli mitolo khumi ndi iwiri. Ku msika mtolo wotere sutsika masheleni khumi. Amenewo ndi mapaundi asanu ndi imodzi. Mulowa m'sitolomo ndalama zili m'thumba, mutuluka ndi njinga yanuyanu, ndi paundi yapadera. Ine njinga sindikuikana. Ndathirira nazale ndine, ndawokera ndine, ndathena ndine, utsi wandiliza maso ndine, komabe ndati gulani. Milungu isanu yokha."

"Mgonero wa ku mishoni uchitika Sabata la mkuja. Ulendo watha Kalebe adafika panjinga. Abusa adatsika pakhonde kukamupatsa moni wa dzanja. Ine ndidafika fumbi mpaka m'mawondo ngati wamtengatenga. Kalebe! Munthu amene ndidamuphunzitsa ndine kugwira choko!"

"A Kalebe adasunga zaka ziwiri, ndipo yawoyo adagula yakale kwa kalaliki wa ku Boma. Akazi awo adandiuza kumtondo."

"Za kumtondo zimenezo. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo."

"Adatinso kuthamanga sikufika."

"Ngakhale Ambuye adalowa m'Yerusalemu pabulu wobwereka."

"Adabwereka, inde. Koma sindidamve mukuwerenga kuti adasiya munda wa amayi awo ngati chikole."

Yeremiya adaimirira, kampando nkugwa chagada.

"Pachiphaso cha fodya palembedwa dzina la yani?"

"Lanu."

"Basitu."

Pamenepo ndiye padali pake. Yeremiya adabwera m'mudzi uno kudzakhala chikamwini ali ndi mphasa, Baibulo, sileti ndi jekete yomweyo. Munda udali wa amayi ake a Tabita, ndi wa agogo ake asadabadwe amayiwo. Khasu Yeremiya ankaligwira polisuntha kuti adutse. Koma a Boma, pamene adayamba kulemba alimi a fodya, adafunsa dzina la mwini nyumba, ndipo kwa iwo nyumba iliyonse mwini wake adali wovala kabudula.

M'mawa mwake Tabita pochokera kudambo ndi mtsuko adapeza udzu wa kutsindwi utaphwasuka pomwe ankabisa chitini. Chitinicho chidali pansi, chivindikiro pambali. Adachitola, nachivindikira bwinobwino, nachibwezera pamalo pake, kenaka nkupita kukasonkha utsi m'chigafa.

Ku Mponela Yeremiya adalandiridwa ndi Nedson, kapitawo wa sitoloyo, munthu wofatsa wa pensulo kukhutu. Mzunguyo sankaoneka kawirikawiri. Anthu ankangomva kutsokomola kwake m'kachipinda ka kumbuyo, ndipo adamutcha Bwana Sikelo. Njinga idaima pakati pa mitolo ya bulangete ndi matumba a mchere, yakuda, yonyezimira. Pakhonde padadzaza anthu opanda chogula, amene ntchito yawo idali kuona ena akugula.

Nedson adawerenga masheleni makumi awiri a m'chitini aja, natulutsa pepala lolembedwa Chizungu mbali zonse ziwiri.

"Ndikumasulireni, aphunzitsi?"

Yeremiya adamva maso onse a pakhonde ali pamsana pa jekete yake.

"Kumasulira ine? Mwana iwe, ine ndimaima pambali pa abusa Achizungu akamalalikira."

Nzoona ankaima pambali pawo, atawagwirira ambulera. Adaliyang'ana pepalalo nthawi yaitali, akugwedeza mutu ndi kuyendetsa milomo. Mawu amene adawazindikira adali atatu: dzina lake, la njinga ndi la fodya. Nedson adamusendezera kansalu ka inki kodindira chala. Yeremiya adakakankha ndi kuseri kwa dzanja, napempha cholembera, nalemba dzina lake ndi mchira wautali wopiringizika. Wina pakhonde adaomba m'manja.

"Pampu muifuna?" adafunsa Nedson.

"Siili pamodzi ndi njinga?"

"Ndi yapadera. Masheleni awiri, pamanja. Pampu sitikongoza."

Yeremiya adapisa m'thumba la m'kati natulutsa masheleni awiri otsala a malipiro ake a mweziwo. Nedson adamangirira pampu panjinga, nati, "Muyende bwino, aphunzitsi." Sadati mukwere bwino, poti adali ataona kale momwe munthuyo adagwirira mahandulo.

Kuchoka ku Mponela kupita kwa Kanyenda, kumapiri a ku Ntchisi, njira ndi ya zitunda zokhazokha. Yeremiya adaikankha njingayo njira yonse. Pa mtsinje wa Kasangadzi adavula nsapato nasenza njingayo paphewa kuti matayala asanyowe. Adalowa m'mudzi dzuwa litapendeka, akuliza belu kuyambira kumanda, thukuta litadutsa jekete.

Tabita adatuluka, mwana ali kumsana, naiyang'ana njingayo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Mwayenda bwanji, atate ake a Lines?"

"Monga ukuonera."

"Ndikuona. Yatopa kodi? Ndiipatse madzi?"

Njingayo idagona m'nyumba. Yeremiya adatulutsa mtsuko ndi dengu la ufa kuti ipeze malo, naifunditsa chilundu cha Tabita cha kutchalitchi kuopa fumbi. Masana aliwonse, ana akaweruka, ankapita nayo kuseri kwa sukulu kukaphunzira. Mlungu woyamba adang'amba bondo la buluku ndi kugwetsa mbali imodzi ya khola la mbuzi la a Nankhoma. Anthu a m'mudzimo, amene ankalemekeza sukulu, ankayang'ana kumbali akamagwa, nkukasekera kumunda.

Tsiku la Mgonero adanyamuka m'mamawa, naikankha zitunda zonse mpaka pamsewu wa mitengo ya bulugama wotsetserekera ku tchalitchi. Pamenepo adapukuta nkhope, nakwera. Adatsika bwino ndithu. Adadutsa abusa pakhonde, nadutsa Kalebe, nadutsa tchalitchi chonse, poti zoimitsa adali asadafike pophunzira, nakaima m'munda wa mbatata wa mishoni. Abusa adatsikadi pakhonde. Adabwera kudzaona mbatata zawo.

Mlungu wachitatu Tabita adasolola pepala lija m'Baibulo, pomwe Yeremiya adalisunga pakati pa Miyambo, napita nalo kwa mlongo wake Solomoni. Solomoni ndiye adali mwini mbumba. Adatengako katundu wa asilikali pa nkhondo ya Jeremani, nabwerako ndi chifuwa chosatha ndi mawu ochepa. Adamupeza akusema mpini pansi pa mtengo wa muwanga.

"Alongo, taonani ichi."

Solomoni adalitembenuza pepalalo kawiri, nalibweza.

"Chizungu sindiwerenga, Nambewe. Koma mapepala awo ndimawadziwa. Likakhala lalifupi, akukupatsa. Likakhala lalitali chonchi, akukulanda. Alamu adati chiyani?"

"Adati zamakono zimafuna mutu."

"Ndiye adapitiranji okha?" Solomoni adatsokomola, nalavulira kumbali. "Ndamva za sitolo imeneyo. Sadikira msika. Amabwera ndi sikelo yawo pakhomo, mtengo nkutchula okha. Kwa Chakhaza adasesa zigafa ziwiri chaka chatha. Tuta fodya yense ubwere naye m'chigafa changa. Ndikagulitsa pachiphaso changa."

"Akapeza chigafa chili mbee abwera ndi apolisi. Adzati ndaba fodya wa a Yeremiya."

"Fodya wa a Yeremiya," adatero Solomoni pang'onopang'ono, ngati akulawa ndiwo zosasa. "Munthu amene sadziwa kuti mbewu yake ndi yaing'ono ngati fumbi. Paja adati mkamwini asamakule mwendo."

"Wawo sudakule. Adangougulira matayala. Ine ndibweretsa mitolo iwiri yokha. Khumi atenge, akhute. Iwiriyo ikwana msonkho. Chingwe chija sindichifuna, alongo. Lines akuyamwa."

Sadabise. Adasenza mtolo woyamba dzuwa likuswa mtengo, nadutsa pakhonde pomwe Yeremiya adakhala akupukuta masipoko limodzilimodzi ndi kansanza.

"Ukupita nawo kuti umenewo?"

"Kwa alongo anga. Uwu ndi wina. Ndi ya msonkho, poti chitini chidadyedwa ndi chiswe."

"Fodya yenseyo ali papepala."

"Papepala pali fodya wanu, aphunzitsi. Uyu ndi wa m'chiuno mwanga, pomwe pamadutsa chingwe."

Yeremiya adayang'ana uku ndi uku ngati pali amene akumva, napitiriza kupukuta.

Nedson adafika Lachinayi la mlungu wachinayi, kutatsala masiku asanu ndi awiri kuti msika utsegulidwe. Adabwera ndi amtengatenga asanu ndi sikelo ya mbedza. Adapereka moni kwa onse mwaulemu, nafunsa za mwana, napachika sikelo panthambi ya mtengo wa mango kutsogolo kwa chigafa. Anthu adayamba kusonkhana. Yeremiya adachoka kusukulu choko chili m'manja.

"A Nedson, mwafulumiratu. Msika sudatsegulidwe."

"Tsiku lake ndi lero, aphunzitsi. Lili papepala, mbali yachiwiri, pamwamba pa dzina lanu."

"Inde, inde. Ndimangokuyesani."

Amtengatenga adatulutsa mitolo umodziumodzi. Fodyayo adali wakuda bwino, wonenepa, wonunkhira utsi wa mitengo ya msuku imene Tabita adaisenza yekha kuchokera kuphiri. Nedson ankasolola tsamba, nkulitambasula padzuwa, nkugwedeza mutu ngati munthu amene wamva za maliro a kutali.

"Masheleni asanu," ankatero pa mtolo uliwonse, pensulo nkuyenda.

"Asanu?" Mawu a Yeremiya adatuluka opyapyala. "Ku msika ndi khumi!"

"Ku msika, inde. Koma pepala likuti mtengo wa sitolo, pasikelo ya sitolo."

Tabita adakhala pamphasa akuyamwitsa, miyendo atatambalala. Ankangotsata ndi maso mtolo uliwonse kuchoka pambedza kupita pamutu pa munthu.

"Mitolo khumi," adatero Nedson. "Mapaundi awiri ndi theka. Mudayenera kupereka asanu ndi imodzi lero. Atsala atatu ndi theka. Mutulutse, aphunzitsi, ndilembe kuti njinga ndi yanu."

"Lero?"

"Lero."

"Ndikapanda?"

"Njinga ibwerera kusitolo."

"Chabwino, ibwerere, fodya asiyidwe, ndi paundi ija mubweze."

Nedson adachotsa pensulo kukhutu naiyang'ana, ngati yankho lidalembedwa pamenepo.

"Zimene mwaperekazo ndi za kukwera kwa milungu inayi. Pepala likutero."

"Kukwera!" adafuula mayi wina kumbuyo. Adali a Nankhoma. "Akwera liti? Njingayo ndiye yakhala ikukwera iwo! Alipire ndi a sitolo!"

Anthu adaseka, ndipo ulendo uno sadapite kukasekera kumunda. Yeremiya adagwira mkono wa Nedson namukokera pambali, koma pambalipo padali pafupi, ndipo mawu a mphunzitsi adazolowera kufika kumbuyo kwa kalasi.

"Mwana wanga, tamvera. Ndine munthu wa mishoni. Undichititsa manyazi pamaso pa ana anga a sukulu. Ndipatse mwezi umodzi."

"Si ine, aphunzitsi. Ndi pepala."

"Malipiro anga ndi masheleni asanu ndi atatu pamwezi. Ndizipereka onse."

"Pepala likuti lero."

Yeremiya adayang'ana njinga, imene wamtengatenga wina adali ataitulutsa kale m'nyumba, chilundu cha Tabita chili lende pachishalo. Adanyambita milomo. Kenaka adaloza ndi choko chija kunyumba ya Solomoni.

"Fodya sadathe. Ilipo mitolo ina iwiri. Mkaziyu adaibisa kwa alamu anga. M'chigafa chija, kuseri kwa nkhokwe. Pitani mukatenge."

Kuseka kudatha. Tabita adachotsa mwana kubere, namupukuta pakamwa, namubereka kumsana, namanga nsalu pachifuwa mfundo ziwiri. Adaimirira. Sadayang'ane mwamuna wake. Adayang'ana Solomoni, amene adali atayamba kale kuyenda, mpini uja uli m'manja, nakaima pakhomo pa chigafa chake.

"Papepala lanulo pali dzina la Solomoni?" adafunsa Solomoniyo ali komweko.

Nedson adapukusa mutu.

"Ndiye amene akufuna kulowa muno abwere ndi pepala lina. Lalifupi."

Amtengatenga adayang'anana. Palibe amene adalipidwa zokwanira kuti akakumane ndi mpini. Nedson adausa moyo, nabwezera pensulo kukhutu.

"Musavutike, bambo. Ngakhale mukadandipatsa iwiriyo, ndi masheleni khumi okha. Akadatsalabe mapaundi atatu. Njinga ikadapitabe." Adatembenukira kwa Yeremiya, natsitsa mawu. "Mwaululira chabe, aphunzitsi. Ine ndidafunsa kuti ndikumasulireni. Ndimafunsa aliyense. Odinda chala amavomera, ndipo ambiri akamva amabweza dzanja nkupita kwawo. Inu ndinu achitatu kugula njinga imeneyi. Onse atatu olemba ndi cholembera."

Adachotsa chilundu pachishalo, nachipinda bwinobwino, nachipereka kwa Tabita ndi manja awiri. Kenaka adamasula pampu panjinga naipereka kwa Yeremiya.

"Iyi ndi yanu. Mudagula."

Adakwera mopepuka ngati munthu wokhala pampando wa kwawo, naliza belu kamodzi kuti ana apatuke, natsetsereka. Amtengatenga adamutsata pamzere, aliyense mitolo iwiri pamutu, fungo la fodya likutsalira m'njira.

Anthu sadabalalike msanga. Tabita adalowa m'nyumba. Adatuluka ndi mphasa yakale, Baibulo ndi sileti. Adaziyala pakhonde, nakulunga Baibulo ndi sileti m'mphasamo, namanga ndi luzi. Adachita zonsezi mosamala, momwe ankamangira fodya.

"Nambewe, ukutani?"

"Ndikukumangirani katundu, aphunzitsi. Jekete mwavala kale."

"Ukundithamangitsa? Chifukwa cha njinga?"

"Njinga ayi. Amuna amagula zopusa chaka ndi chaka, akazi nkumalima. Paundi mudaba ndidakhala chete. Mitolo khumi yapita ndili chete. Ndikadalimanso. Koma iwiri ija mumadziwa kuti ndi ya chiyani. Ndidakuuzani pakhonde pompano. Mudaika njinga uku, ine ndi mwana uku, nkuloza ndi choko."

"Ndidasokonezeka mutu. Munthu amalakwa."

"Zamakono zimafuna mutu, paja."

"Ukwati wathu ndi wa mtchalitchi! Chimene Mulungu adachimanga, munthu asachimasule!"

"Sindikumasula ine. Mudakachisiya chikole ku Mponela, ndipo tsiku lake lakwana."

Yeremiya adatembenukira kwa Solomoni, amene adali atabwerera nakhala pamuzu wa mango.

"Alamu, lankhulani naye mlongo wanuyu. Zinthu sizitha chonchi. Pali mwambo."

"Mwambo ulipodi," adatero Solomoni. "Nkhani ya banja imakambidwa ankhoswe a mbali zonse ali pansi. Ine ndilipo. Anu ali kwanu ku Chinthembwe. Pitani mukawatenge, muwafotokozere zonse, ndi za mitolo iwiri zomwe. Akavomera kubwera kudzakhala pamphasa imodzi ndi ife, tidzamva."

"Ku Chinthembwe ndi ulendo wa tsiku lathunthu."

"Wapansi, inde."

Yeremiya adaima kanthawi, akudikira kuti wina m'gulumo anene mawu omugwira mwendo. A Nankhoma ankayang'ana khola lawo. Ena ankayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula mwezi wa Meyi. Adawerama, nanyamula mphasa ija, nayamba kuyenda.

"Atate ake a Lines."

Adatembenuka msanga, nkhope itayamba kale kuwala.

Tabita adatola pampu pomwe Yeremiya adaisiya pakhonde, naipukuta fumbi ndi nsonga ya nsalu yake. Adapita pomwe adaima, nagwada monga mkazi wolangidwa bwino, naipereka ndi manja awiri.

"Mwaiwala chuma chanu. Pa zonse za pakhomo pano, ichi chokha ndiye mudagula ndi ndalama zanu, pamanja. Palibe amene adzakulandeni."

Yeremiya adakwera chitunda cha kumanda mphasa ili paphewa, pampu ili m'khwapa. Sadafunike kukankha kanthu, ndipo anthu adati adayenda msanga kuposa masiku onse a njinga.

Msika utatsegulidwa, Solomoni adagulitsa mitolo iwiri ija pachiphaso chake. Wogula adautambasula fodyayo, naununkhiza, napereka masheleni khumi ndi imodzi pa mtolo. Lolemba lotsatira Tabita adabereka Lines nayenda yekha mpaka ku Boma ku Dowa. Pabwalo padali amayi anayi akusesa, mesinjala atakhala pamthunzi akuwayang'anira. Adawadutsa osayang'ana kawiri, nakaima pamzere wa pazenera.

"Dzina la mwini nyumba?" adafunsa kalaliki, osadzutsa mutu.

"Tabita Nambewe."

"Ndati la mwamuna, mayi."

"Palibe. Adapita kwawo."

"Adamwalira?"

"Ayi."

"Ndiye alipo." Kalaliki adatsegula buku, nayendetsa chala pamzere wa mudzi wa Kanyenda mpaka adapeza. Adawerenga masheleni asanu ndi imodzi, nadinda chidindo, namuponyera kapepala.

Tabita adakapinda kanayi, nakamanga pansonga ya nsalu, nauyamba ulendo wa kumapiri, poti munda wa fodya wa chaka chamawa udali usadasosedwe. M'buku la Boma mudalembedwa kuti Yeremiya, mphunzitsi, ndi munthu wokhoma msonkho pa nthawi yake.